Kamera yojambulira ukwati: muyang'ane ciani musanagule?

Ukwati sucitika kawiri. Cithunzi cikada, simungauze mkwati ndi mkwatibwi kuti abwerenso ku chalichi mawa. Ndiye ngati mukufuna kuyamba nchito yojambula, kamera yoti mugule muisankhe modekha.

Ojambula ambiri amagwiritsa nchito kamera ya mtundu wa DSLR. Mkati mwake muli kagalasi. Kagalasika kamatumiza kuwala ku kabowo komwe mumasuzumirapo, ndipo mumaona zomwe kamera ikuona. Mukadina batani, kamadzuka ndipo cithunzi cimajambulika.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Iyi ili ndi ma megapixel ambiri!" Musatengeke nazo. Megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni topanga cithunzi. Kuti mutsukitse cithunzi coyera bwino ca masentimita 10 kwa 15, ma megapixel awiri kapena atatu amakwana. Kamera zambiri zili ndi 18 kapena 24. Zofunika kwenikweni ndi izi zinayi.

Coyamba ndi sensa, kacipangizo kolandira kuwala. Sensa yaikulu imajambula bwino pamalo a mdima. Ya mtundu wa full frame ndi yaikulu mamilimita 36 kwa 24, koma ndi yodula. Ya APS-C ndi yoceperako, yotsika mtengo, ndipo imakwanira munthu woyamba kumene. Ngakhale yaing'onoyi imaposa kutali sensa ya mafoni ambiri.

Caciwiri ndi lenzi, diso la kamera. Pa DSLR mukhoza kucotsa lenzi n'kuika ina. Kamera zambiri zimabwera ndi lenzi ya 18-55 mm, yomwe imacita bwino panja masana. M'chalichi mwa mdima, lenzi ya 50 mm f/1.8 ndi yomwe imathandiza, cifukwa imalowetsa kuwala kwambiri. Kumbukirani kuti lenzi ya Canon silowa pa kamera ya Nikon. Mukasankha kampani, ndiye kuti mwasankhanso malenzi anu.

Cacitatu ndi batire. Ukwati wa kumudzi umatenga tsiku lonse, ndipo mwina kulibe magetsi. Nikon D3500 imatha kujambula zithunzi zoposa 1,500 batire isanathe, pomwe Canon 2000D imafika pafupifupi 500. Musaiwale kutenga batire ina yapadera ndi khadi lina losungira zithunzi.

Cacinayi ndi fumbi. Amene anayendapo pa njinga yamoto ku Tete mu Okutobala amalidziwa. Fumbi likalowa pa sensa, cithunzi ciliconse cimatuluka ndi madontho akuda. Funani kamera yomwe imagwedeza sensa yokha kuti fumbi ligwe. Posintha lenzi, cokani pamphepo ndipo muweramitse kamera pansi.

Nanga kamera yogwiritsidwa kale nchito? Ikhoza kukhala yabwino. Makampani masiku ano akupanga kwambiri kamera zopanda kagalasi, conco ma DSLR akale akugulitsidwa motsika mtengo. Koma funsani kuti yajambula kangati. Citseko ca mkati, cochedwa shutter, cimatha ngati matayala a njinga. Pa kamera zambiri zotsika mtengo cimapangidwa kuti cigwire nchito pafupifupi maulendo 100,000.

Musanapereke ndalama, jambulani khoma loyera kuti muone ngati pali madontho. Kenako jambulani munthu m'nyumba, citseko cili cotseka. Nkhope ikaoneka bwino mumdimamo, kamerayo ikhoza kupita nanu ku ukwati.