Misewu ya ku Kabwazi Iyesa Galimoto

Opanga magalimoto amayanika mphira ndi penti padzuwa la ku Arizona ndi ku Florida kwa zaka, kuti aone kuwonongeka kwake. Ku Kabwazi, m'boma la Dedza, ntchito yomweyo igwiridwa ndi misewu yadothi. Matope a m'dzinja akamatirira kunsi kwa galimoto asunga chinyezi, ndipo dzimbiri liyambira pomwepo.

Koma choopsa koposa kwa mphunzitsi kapena kalaliki ndicho tayala lakaunjika, pakuti mphira ukalamba ndi kung'aluka ngakhale tayalalo lisanasalale. Chiyambire 2000, manambala anayi olembedwa m'mbali mwake anena msinkhu wake: 2318 atanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2018. Opanga ambiri alangiza kuchotsa tayala likakwanitsa zaka 10, lingaoneke labwino chotani.