Kusankha mahedifoni omvera nyimbo panyumba: muyeso wa ingoma ya ku Mtenguleni

Anthu ambiri ogula mahedifoni m'masitolo a ku Down Shops kapena pamsika wa Kapata mumzinda wa Chipata amayesa chipangizocho ndi funso limodzi lokha, loti kodi besi yake ikugunda, ndipo ogulitsa, podziwa chimene makasitomala awo akufuna, amawaikira nyimbo yogwedeza mutu. Besi, amene ndi mawu apansi olemera ngati a ng'oma yaikulu, ndi gawo limodzi chabe la nyimbo, ndipo akachuluka mopyola muyeso amakwirira mawu a woimba monga mmene madzi osefukira amakwiririra mizere ya m'dimba. Munthu wofuna kukhala pansi panyumba pake ndi kumva nyimbo monga mmene inajambulidwira ayenera kufunsa zina, ndipo wokhala ku Mtenguleni ali ndi poyambira pabwino kuposa manambala olembedwa pakatoni.

M'kati mwa mahedifoni ambiri muli maginito, kawaya kopombedwa, ndi kachikopa kopyapyala kamene kamagwira ntchito ngati chikopa cha ng'oma: magetsi ochokera mufoni akadutsa m'kawayako, kachikopako kamanjenjemera n'kukankha mpweya, ndipo khutu limamva kukankhako ngati mawu. Kampani ya Beyerdynamic ya ku Germany inatulutsa mahedifoni a mtundu umenewu mu 1937, John Koss wa ku America anabweretsa a sitiriyo, opatsa khutu lililonse mawu akeake, mu 1958, ndipo Walkman ya Sony inawazoloweretsa anthu wamba kuyambira mu 1979. Kunjenjemera kwa mawu kumawerengedwa mu hertz, kutanthauza kuchuluka kwa nthawi zimene mpweya wagwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000. N'chifukwa chake manambala awiriwa amapezeka pafupifupi pakatoni iliyonse, ya mahedifoni otchipa ndi odula omwe, koma sanena kanthu za ubwino wake, popeza sasonyeza ngati mawu onse a pakati pa malirewo akutuluka mofanana kapena ena akupondereza anzawo.

Apa ndi pamene gule wa ingoma amathandiza. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, umene unatsitsimutsidwa mu 1980, pamene Nkhosi ya Makhosi Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda. Mphamvu ya ingoma imene imavinidwa pamenepo sinagone pa ng'oma monga mmene zilili ndi Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mkaika, koma pa mapazi a impi, amene ndi ankhondo ovina, oponda pansi nthawi imodzi, pa m'manja mwa amayi, pa mawu a amuna ndi akazi olandizana, ndi pa nthungululu zolasa mlengalenga. Zinthu zimenezi zimagwera m'magawo onse atatu amene akatswiri amagawa mawu. Kuponda kwa mapazi kuli m'gawo lapansi, kunsi kwa ma hertz 250. Mawu a oimba amamveka bwino m'gawo lapakati, limene limafika cha pa 4,000. Ndipo kuthwa kwa m'manja ndi nthungululu kumakwera kufika m'gawo lapamwamba. Munthu amene wayimapo pabwalo limenelo amadziwa kuti phazi likaponda limamveka kamodzi n'kuleka, silichita mkokomo wotalika, choncho akamva chojambulidwa chabwino cha ingoma pa mahedifoni n'kupeza kuti kupondako kukuuluma ngati bingu lakutali, kapena kuti m'manja mukulira ngati malata, wagwira kale vuto limene katswiri akadalipeza ndi makina. Amadziwanso pamene amayi amaima ndi pamene impi imadutsa, ndipo mahedifoni abwino ayenera kumulola kuloza mbali imene gulu lililonse lili, osati kuunjika onse pakati pamutu.

Nyimbo za kalindula zimapereka muyeso wina, chifukwa m'nyimbo za Amayenge kapena za P.K. Chishala gitala ya besi imayenda ndi kuimba, ndipo womvera ayenera kutsata noti iliyonse payokha. Mahedifoni amene amasandutsa kuyendako kukhala kugunda kumodzi kosasintha alephera, ngakhale atagwedeza chigaza chotani.

Kapangidwe ka zikho zophimba makutu ndi nkhani imene nyumba imagamula koposa thumba. Pali mahedifoni otseguka kumbuyo, amene kampani ya Sennheiser inayambitsa mu 1968 ndi mtundu wa HD 414, ndipo awa amalola mpweya kudutsa, kotero kuti nyimbo imamveka yotakasuka ngati ikuchokera panja pa mutu. Koma amalowetsanso phokoso lonse la pakhomo ndi kutulutsira nyimboyo kwa aliyense ali pafupi. Mabuku ndi magazini a ku Ulaya amawayamikira kwambiri, ndipo sanama, kungoti olembawo amaganizira za chipinda chachete chokhala ndi siling'i. M'nyumba ya malata nthawi ya dzinja, mvula ikayamba kuwomba padenga, kapena pamudzi pamene chigayo chikulira, ana akusewera ndipo wailesi ya mnansi yatsegulidwa pa Breeze FM kapena Radio Maria, mahedifoni otseguka amakakamiza womvera kukweza voliyumu mpaka ubwino wake wonse kutha. Otsekeka kumbuyo, ophimba khutu lonse, amataya pang'ono kutakasuka kuja koma amasunga nyimbo m'kati, ndipo kwa mabanja ambiri a m'dera limeneli, makamaka ogona anthu angapo m'chipinda chimodzi, ndiwo oyenera. Timahedifoni tolowetsa m'khutu tokhala ndi timphira timatchinganso phokoso bwino, malinga kamphirako kakhale kokwana khutu, pakuti kakachepa besi yonse imathawira m'mbali.

Nambala imodzi imene ili yofunikadi pakatoni ndi ya impedance, imene imawerengedwa mu ma ohm ndipo imasonyeza mmene mahedifoni amalimbira polandira magetsi. A ma ohm 16 mpaka 32 amalira bwino ndi mphamvu yochepa ya foni wamba, monga za Tecno ndi itel zimene zafala m'midzi, pamene a ma ohm 250 kapena 300, monga Sennheiser HD 600, amafuna ampulifaya, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu. Munthu wotuma mbale wake ku Lusaka kapena ku Johannesburg kuti amugulire mahedifoni odula a mu situdiyo, osaganizira zimenezi, angathe kudzawapeza akulira motsika ndi mofooka kuposa akale a mtengo wochepa.

Palinso malire amene mahedifoni sangawadumphe, ndiwo a nyimbo imene yalowetsedwamo. Nyimbo ya pa CD imanyamula ma kilobit 1,411 pa sekondi, pamene MP3, imene ndi njira yopanikizira nyimbo potaya mbali zina za mawu kuti itenge malo ochepa, imasunga 320 ikakhala yabwino koposa, ndipo zambiri zoyenda m'mamemore khadi ndi m'mafulashi zimakhala za 128 kapena kutsika. Nyimbo yojambulidwa ndi foni pabwalo, kapena yochotsedwa pavidiyo n'kupanikizidwanso, imafika itaphwanyika kale, ndipo mahedifoni abwino amangoonetsa poyera zilema zake. Mafayilo a FLAC amachepetsa kukula popanda kutaya mawu, koma amadya bandulo ndi malo, choncho kwa ambiri MP3 ya 320 ndi yokwanira, popeza makutu ochepa okha amaisiyanitsa ndi CD. Bluetooth nayo imapanikizanso mawu isanawatumize, kudzera m'njira monga SBC, AAC kapena LDAC ya Sony imene imafika pa 990, ndipo njira yabwinoyo imagwira pokhapokha foni ndi mahedifoni zonse zikaidziwa. Koma chifukwa chachikulu chokondera a waya panyumba ndi cha magetsi: chilala cha 2024 chitatsitsa madzi m'damu la Kariba, nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ZESCO zinkakhala maola ambiri patsiku mumdima, ndipo pamudzi wodalira kasola kamodzi, chipangizo chilichonse chofuna kutchaja chimalimbirana malo ndi foni ndi tochi. Batire limakalambanso pakapita zaka zochepa, pamene mahedifoni a waya wochotseka amatha kukhala zaka zambiri, wayayo ukaduka n'kungogula wina.

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumaweruza mapilo a m'makutu mosanyengerera, pakuti achikopa chopanga amasunga thukuta n'kuyamba kusupuka, pamene ansalu amapuma bwino ngakhale amagwira fumbi ndipo amafuna kuchapa. Wogula achita bwino kupita kusitolo ndi foni yake, yokhala ndi nyimbo zitatu kapena zinayi zimene amazidziwa pamtima, kuvala mahedifoniwo kwa mphindi khumi osati imodzi, ndi kuyerekeza mitundu iwiri pa voliyumu yofanana, chifukwa khutu limanyengeka msanga n'kuyesa kuti cholira kwambiri ndicho chabwino. Dzina lotchuka pa mtengo wotsika modabwitsa kawirikawiri limasonyeza katundu wachinyengo, ndipo lisiti ndi limene limapatsa wogula podandaulira.

Voliyumu imawerengedwa mu ma decibel, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole ma decibel 80 kwa maola 40 pasabata. Kukwera kulikonse kwa ma decibel 3 kumadula nthawi yotetezekayo pakati, kotero kuti pa 89 maola 40 aja amatsika kufika pa 5. Timaselo tonga ubweya ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso, ndipo nthawi zambiri toyamba kuwonongeka ndi tomva mawu a cha pa ma hertz 4,000, kumene kumakhala kuthwa kwa m'manja ndi kumveka bwino kwa mawu a oimba. Kulira kwa m'khutu munthu akavula mahedifoni, kapena kulephera kumva mnzake wolankhula pamtunda wa mkono umodzi nyimbo ikulira pa mahedifoni otseguka, ndi zizindikiro zoti voliyumu yapyola malire.