Chitsulo chotchinga wakuba chingakutsekereninso m'moto

Magetsi anathima cha m'ma 6 koloko madzulo, monga mwa nthawi zonse. Pa mdadada wa nyumba zisanu pomwe ndinkachita lendi, kumtunda kwa Ndirande, aliyense anayatsa chomwe anali nacho: wina tochi ya pa foni, wina kandulo. Mayi wa nyumba ya kumapeto anagoneka ana ake awiri, n'kumata kandulo pa mbale ya pulasitiki, n'kukhoma chitseko ndi geti lachitsulo, n'kutsikira kumsika kukagula makala. Palibe akanawadzudzula pokhoma. Sabata yomweyo akuba anali atathyola nyumba ina chapafupi.

Kandulo itatha, mbale inasungunuka, moto n'kugwira katani. Woyamba kuona utsi anali mnyamata wina amene anaima panja kusaka netiweki. "Moto! Moto kwa anebawa!" Tinathamanga ndi ndowa, koma mpopi unali wouma kuyambira dzulo lake. Pa windo panali zitsulo, pa geti loko wamkulu, kiyi ali kumsika. Mwayi wake bambo wina wowotcherera zitsulo anabwera ndi chitsulo chachitali n'kukanula lokoyo. Ana anatuluka akutsokomola, koma amoyo. Motowo tinauzimitsa ndi madzi a m'zigubu za anthu ndi dothi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Chimene chinkandizungulira m'mutu n'chakuti zinthu zomwe zinaikidwa kuti zitchinge wakuba ndi zomwezo zinatsala pang'ono kupha ana. Ambirife tikamaganiza za chitetezo cha pakhomo timaganiza za wakuba basi. Moto timaukumbukira wayaka kale.

Kuphiri thandizo limafika mochedwa

Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Kuli Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe ndi Michiru, ndipo chaka ndi chaka nyumba zikunka zikwera m'mapirimu. Achinyamata ambiri amene angoyamba ntchito kapena geni amakapeza nyumba kumtundako chifukwa lendi ndi yotsikirapo poyerekeza ndi pafupi ndi msewu. Koma kutsika mtengoko kuli ndi malipiro ake ena.

Choyamba ndi njira. Kumtunda kwa Goliyo, Chilobwe kapena Bangwe, misewu imathera panjira, n'kusanduka tinjira ta miyala todutsa pakati pa mipanda. Khonsolo ya mzinda ili ndi galimoto zozimitsa moto, koma galimoto yaikulu yodzadza madzi singakwere pomwe ngakhale kabaza wa njinga yamoto amakutsitsani n'kukuuzani kuti mumalize wapansi. Galimoto ya apolisi nayonso chimodzimodzi. Tinaziona izi mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche: oyamba kufukula anzawo ku Chilobwe anali anthu a komweko, ndi makasu ndi manja.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi ambiri a mumzindawu amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, kukwera chitunda chachitali. Mphamvu ya madzi ikangochepa, mipopi ya kumtunda ndi imene imayamba kuuma. Ndiye moto ukabuka, musadalire mpopi.

Chachitatu ndi khalidwe la moto weniweniwo. Moto umathamanga pokwera kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi ndi mpweya wotentha zimapendekera kumtunda n'kumaumitsiratu udzu ndi matabwa omwe ali patsogolo. Tsono pa chitunda, denga la nyumba ya kumunsi limakhala moyang'anizana ndi windo la nyumba ya kumtunda. Moto wa aneba a kumunsi ndi wanu ndithu. Ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu ukauma gwa, moto wa anyamata osaka mbewa kapena wa munthu wotentha zinyalala sumachedwa kufika pa mpanda wa udzu.

Mabagala: abwenzi masana, adani pa ngozi

Tinene zoona, palibe amene angagone m'tauni muno popanda zitsulo za pa windo, zija timati mabagala. Ndipo sindikukuuzani kuti muzichotse. Funso n'lakuti: moto utayambira pa balaza lero usiku, inu muli kuchipinda, mungatulukire pati?

Nyumba zambiri za lendi zili ndi khomo limodzi. Mbaula, hotipuleti ndi mawaya a TV zonse zili mbali ya khomo lomwelo. Ngati mawindo onse ndi owotcherera, ndiye kuti mukugona m'khola.

Pali zinthu zosafuna ndalama zambiri zimene mungachite. Kiyi wa chitseko ndi wa geti azikhala malo amodzi osasintha, pafupi ndi khomo koma poti dzanja lochokera pa windo silingafike, ndipo aliyense m'nyumbamo, ngakhale mwana wa Sitandade 3, adziwe pomwe ali. Mumdima ndi mu utsi simungayambe kupisa m'matumba a mathalauza. Kambiranani ndi alandilodi kuti windo limodzi la kuchipinda likhale ndi zitsulo zotseguka ngati chitseko, zokhomera mkati. Wowotcherera aliyense wa pamsika angapange zimenezi. Alandilodi akayamba zokokakoka, akumbutseni kuti nyumba imene ingapse ndi yawo.

Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: musakhomere ana m'nyumba muli kandulo, nyali kapena mbaula yoyaka, ngakhale mukungopita pa okala. Asiyeni kwa aneba, kapena zimitsani kaye.

Moto wambiri timauyamba tokha

Kandulo ndiye woyamba. Tochi ya sola kapena babu lotchaja mumagula kamodzi, pomwe makandulo mumagula sabata iliyonse. Ngati kandulo ndi yokhayo yomwe ilipo, ikhale pa mbale yachitsulo kapena m'botolo, kutali ndi katani ndi neti ya udzudzu. Neti imayaka mofulumira ndipo imasungunukira pathupi.

Wachiwiri ndi magetsi obwera mwadzidzidzi. Mumasita, magetsi n'kuthima, inu n'kunyamuka osazimitsa ayironi pa khoma. Magetsi akabwera 2 koloko usiku, ayironi ija imayamba ntchito yokha. Zolowerani kuti ESCOM ikangothimitsa, muzizungulira nyumba n'kuzimitsa ayironi, hotipuleti ndi ketulo. Onjezani apo ekisitenshoni imodzi yotchipa yonyamula firiji, TV ndi hotipuleti, komanso mawaya okoka magetsi kuchokera nyumba ina, olumikiza ndi pepala la pulasitiki. Soketi ikamatentha kapena kununkha ngati tayala lopsa, ikukuchenjezani. Foninso musamaitchaje pansi pa pilo.

Wachitatu ndi petulo. Mafuta akamasowa, ambiri amasunga zigubu kuseri kwa chitseko, makamaka a kabaza ndi ogulitsa mafuta m'mabotolo. Chimene chimayaka pa petulo ndi mpweya wake, ndipo mpweyawo umayenda chapansipansi mpaka kukapeza mbaula ili chapatali. Petulo sagona m'nyumba yogona anthu.

Nanga mbaula m'nyengo ya chiperoni? Mu Juni ndi Julayi kumtunda kumazizira zedi, ndiye anthu amalowetsa mbaula n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Mukatha kuotha, mbaula ituluke.

Ukabuka, mphindi zoyamba ndi zanu

Kuwani kaye, tulutsani anthu, katundu pambuyo. Satifiketi ya ku koleji mutha kukaitanitsa ina, koma inu palibe wina. M'nyumba mukadzadza utsi, kwawani, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi. Ngati ndi moto wa magetsi, zimitsani pa meni switchi musanathire madzi. Ngati ndi mafuta ophikira ayaka m'poto, musathire madzi ngakhale pang'ono, amalipuka. Vundikirani ndi chivundikiro. Zovala zikagwira moto musathamange, gonani pansi n'kugubuduka.

Pakhomo pazikhala ndowa ya mchenga ndi chigubu cha malita 20 chomwe sichigwiritsidwa ntchito ina iliyonse. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pa balapo kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Za mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira zija n'zongoonjezera mavuto. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali wodi yapadera ya anthu opsa, koma chithandizo choyamba ndi madzi aja.

Nambala za ozimitsa moto ndi za polisi ya m'dera lanu zisungeni m'foni lero. Poimba, tchulani chizindikiro chodziwika monga tchalitchi, sukulu kapena chigayo, ndipo tumani munthu akadikire kumsewu kuti awalondolere.

Wakubanso amadziwa phiri

Tinjira tomwe timalepheretsa galimoto ya apolisi ndi tomwe timathandiza wakuba. Amadziwa pokhota paliponse, amadziwa ngalande yodumpha, ndipo magetsi akathima amakhala ngati wapatsidwa tchuthi cholipidwa. Amakonda nthawi ya m'bandakucha pomwe anthu akutsika kukakwera minibasi, ndi madzulo pomwe mukukwera chitunda mutatopa, maso ali pa foni, mahedifoni ali m'makutu.

Foni ikhale m'thumba mpaka mutafika. Ngati mumaweruka usiku, gwirizanani ndi anzanu a njira imodzi kuti muzikwera limodzi. Akakuimitsani ndi zikwanje, perekani. Imbani *#06# pa foni yanu tsopano, mulembe nambala ya IMEI imene ituluke n'kuisunga pena; apolisi adzaifuna foniyo ikabedwa. Ndipo zolemba pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti "tili ku lake mpaka Lolemba" zija, dziwani kuti si onse oona amene amakufunirani zabwino. Zithunzizo mudzaika mukabwerako.

Nyali imodzi ya sola yoyang'ana pa njira, yosonkherana nyumba zinayi kapena zisanu, imachita zambiri kuposa loko wachitatu pa chitseko. Kusenga udzu ndi zitsamba m'mbali mwa njira kumachotsa pobisala wakuba, komanso kumadula njira ya moto. Ntchito imodzi, mapindu awiri.

Aneba ndiwo ozimitsa moto oyamba

Apa ndi pomwe achinyamatafe timalephera. Timachoka m'mawa, timabwera usiku, chitseko phaa, maso pa foni. Tili ndi anzathu mazanamazana pa intaneti koma dzina la munthu wa khomo loyandikana nalo sitilidziwa. Ndalama ya achitetezo cha m'dera akabwera kudzatolera timabisala. Kumsonkhano wa amfumu timati n'za akuluakulu.

Komatu usiku uja ku Ndirande amene anapulumutsa ana sanali gulu la pa foni. Anali mnyamata wodziwa kuti m'nyumbamo mumagona ana, ndi bambo wodziwa pomwe anasiya chitsulo chake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Pa chitunda mwambiwu si fanizo chabe.

Yambani ndi zing'onozing'ono. Tengani nambala za aneba a kumtunda, kumunsi ndi m'mbali. Nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo, ndipo mugwirizane kuti kulira kwake kukutanthauza kuti aliyense atuluke. Dziwani nyumba zomwe muli agogo, munthu wolumala kapena ana otsala okha. Wina akafuna kumanga mpanda wotseka njira, nkhaniyo ipite kwa amfumu isanafike pa njerwa yoyamba, chifukwa njira imeneyo ndi yomwe mudzathawire. Lowani nawo m'komiti ya chitetezo cha m'dera, yomwe imagwira ntchito ndi apolisi. Muli ndi foni ndi luso losunga kaundula wa zopereka, zomwe makomiti ambiri amazisowa.

Chinthu chimodzi chokha tisachite: wakuba akagwidwa, apite ku polisi. Kumenya kapena kutentha munthu woganiziridwa ndi mlandu waukulu, ndipo mumdima wa m'tinjira timeneti wogwidwayo akhoza kukhala mlendo wosochera, kapena inuyo pochokera ku shifiti ya usiku.

Lero musanagone, zimitsani magetsi onse, muime pakati pa chipinda chanu, muyese kupeza kiyi ndi kutsegula zitseko zonse mpaka panja. Werengani masekondi. Mukaona kuti mwachedwa, mawa m'mawa yambani ndi wowotcherera zitsulo, kenako mukagogode kwa aneba.