Nkhokwe ya PlayStation 5

Anthu akamakangana za makina osewerera magemu pa TV, mkangano umakonda kuthera pa nambala imodzi, ya ma teraflops, yomwe imanena kuchuluka kwa masamu omwe makinawo amawerengera pa sekondi pojambula zithunzi. Mu Novembala 2020 mudatuluka Xbox Series X ya Microsoft, ya ma teraflops 12, ndi PlayStation 5 ya Sony, ya 10.28. Ubongo wa makina onse awiri udapangidwa ndi kampani imodzi, AMD, ndipo mukaika gemu imodzimodzi pa ma TV awiri oyandikana, diso silithamangira kuona kusiyana. Chomwe chidasinthadi masewerawa chili pamalo posatchuka kwenikweni, posungira magemu.

PlayStation 4 ya 2013 inkasunga magemu pa hadidisiki, kambale kozungulira komwe kamkono kakang'ono kamayendayenda pamwamba pake kufunafuna chomwe chaitanidwa. Pa sekondi inkapereka ma megabyte apakati pa 50 ndi 100. PS5 ili ndi SSD, yopanda chozungulira chilichonse, yomwe imapereka ma gigabyte 5.5 pa sekondi, kuwirikiza koposa ka 50. Wophika akhale katswiri chotani, madzi awire pamoto, ngati ufa ukadali kuchigayo nsima siipsa. Opanga magemu ankalidziwa vutoli ndipo ankalibisa mochenjera. Chikepe chokwera mochedwa chija, kapena kampata kopapatiza pakati pa matanthwe komwe munthu wa m'gemu amadzipanikiza pang'onopang'ono, nthawi zambiri zinali zongokutangwanitsani maso kuti makina atute malo otsatira. Mark Cerny, mmisiri wamkulu wa PS5, adafotokoza mu Malichi 2020 kuti SSD ndi chinthu chomwe opanga magemu ankapempha koposa china chilichonse. Gemu ya Ratchet & Clank: Rift Apart ya 2021 idaonetsa chifukwa chake: wosewera amagwera pabowo n'kutulukira dziko lina m'masekondi ochepa chabe.

Wina anganene kuti kudikira mphindi imodzi sikudaphepo munthu. Zoona, koma nkhani ili pa zomwe wopanga gemu amatha kumanga akaleka kuwerengera zodikira. Wina angalozenso kuchepa kwa nkhokweyo, ndipo apa mpomveka ndithu. Pa ma gigabyte 825 a PS5 yoyamba, mwini wake amagwiritsa ntchito pafupifupi 667 okha, chonsecho magemu ena amadya oposa 100 iliyonse. Sony idasiya malo oikapo SSD yachiwiri, koma imeneyo ndi ndalama zina. Ngakhale zili choncho, kufufuta gemu imodzi kuti ina ilowe kumachitika mwa apo ndi apo, pomwe hadidisiki inkakuchedwetsani nthawi iliyonse mukayatsa.

Mphamvu ya ubongo wa makinawa imabwera ndi kutentha, ndipo n'chifukwa chake PS5 yoyamba ndi chimakina chachikulu chotere. Mkati mwake muli chokupiza mphepo cha masentimita 12, ndipo pakati pa ubongo wake ndi chitsulo chochotsa kutentha adathirapo chitsulo chamadzimadzi m'malo mwa phala lomwe limapakidwa m'makompyuta ambiri. Mukachotsa chivundikiro choyera mupeza timabowo tiwiri tomwe Sony idasiyira dala kuti muzikokerapo fumbi, zomwe eni mashopu a magemu m'matauni mwathu angachite bwino kuzikumbukira mwezi wa Okutobala.