Koloboyi wa pakhonde nkhondo ikabuka

Bambo akachedwa kumsika mpaka mdima, mayi amayatsa koloboyi n'kumuika pakhonde. Bamboyo akatulukira chakumanda kuja amaona kamoto kakuphethira, n'kudziwa poponda kuti asagwere m'dzenje lomwe anakumbamo dothi la njerwa. Koma kukangomveka kuti m'mudzi mwalowa achifwamba, mayi yemweyo amathamangira kukamuzimitsa. Koloboyi safunsa kuti akubwerayo ndani. Amaunikira mwini nyumba, amaunikiranso wakuba.

Mayiko a m'mphepete mwa nyanja zamchere amasauka ndi nkhani yomweyi. Kumeneko amamanga nsanja zazitali pamatanthwe oopsa, pamwamba pake n'kuikapo nyali yamphamvu yolondolera sitima usiku. Nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kake, monga mmene timamudziwira munthu ndi odi wake tisanatsegule chitseko. Woyendetsa sitima akawerenga kuphethirako amadziwa pamene ali. Tsoka lake, mdani nayenso kuwerenga amakudziwa.

N'chifukwa chake nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, dziko la Britain linazimitsa nyali zambiri zoterezi poopa sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi. Zina ankaziyatsa pokhapokha asilikali apamadzi atapempha, nthawi yake itatchulidwa. Kuli ngati mayi uja kupangana ndi bambo kuti akafika pamtengo wa mango aimbe likhweru, iye ayatse. Pangano labwino ndithu, bola likhwerulo limveke.

Pa Bell Rock silinamveke. Nsanja imeneyi, yomwe Robert Stevenson anaimanga ndipo inayamba kuwala mu 1811, ili pathanthwe lomwe limamira madzi akadzaza, makilomita pafupifupi 18 kuchokera ku Arbroath ku Scotland. Usiku wina mu Okutobala 1915, sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Argyll inapempha kuti nyali iyatsidwe chifukwa inkadutsa pafupi. Uthenga unafika kumtunda, koma oyang'anira nsanjayo analibe wailesi. Munthu ankayenera kupita pa boti kapena kuwapatsa zizindikiro zooneka ndi maso, ndipo usiku umenewo nyanja inali itakalipa. Palibe anauza sitimayo kuti uthenga wathera panjira. Inapitirira ikuyembekeza kuwala, ndipo m'bandakucha wa pa 28 Okutobala inakwera pathanthwe. Anthu onse 655 anapulumutsidwa ndi sitima zina ziwiri, Hornet ndi Jackal, koma Argyll inathera pomwepo. Germany sinawombe ngakhale chipolopolo chimodzi. Ine ndimaona kuti kulakwa sikunali kuzimitsa nyali ayi, koma kuchita pangano la likhweru ndi munthu wokhala patali poti sangamve.

Nyali ikazima, ntchito ina inkatsala. Aliyense amene anagonapo m'chilindo kulondera chimanga akudziwa kuti wokhala mumdima amaona patali kuposa wowotha moto. Nsanja izi n'zazitali, ndipo zili pamalo poti nyanja yonse imaoneka ngati bwalo. Choncho zinasanduka zilindo, zoonera sitima ndi ndege za adani n'kutumiza mawu kumtunda. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a Germany atalanda zilumba za Channel Islands mu 1940, anaika anthu awo ndi wailesi pansanja ya Casquets. A Britain anadziwa kufunika kwa maso amenewo. Usiku wina kumayambiriro kwa Seputembala 1942, kagulu ka asilikali awo kanakwera thanthwe la nsanjayo mwakachetechete, n'kugwira Ajeremani onse asanu ndi awiri pamodzi ndi mabuku awo a mawu achinsinsi.

Koma apa fanizo la koloboyi likuperewera. Koloboyi mungamulowetse m'nyumba, pomwe nsanja simungaibise. Masana imaima poyera, yoyera mbee, ndipo woyendetsa ndege amaiona ali kutali. Ikhale yoyaka kapena yozima, imamuuzabe kuti gombe lili apa. Ambiri okhalamo sanali asilikali, anali anthu wamba, akatswiri opukuta magalasi ndi kusamala makina, ena ali ndi akazi ndi ana pomwepo. Ku Fair Isle, kumpoto kwa Scotland, ndege za Germany zinapha mkazi wa mmodzi mwa oyang'anira nsanja mu Disembala 1941, ndipo patangopita masabata ochepa zinabweranso n'kupha mkazi wa mkulu wawo ndi mwana wake wamkazi. Pa 1 Juni 1943 bomba linagwera pamalo a nsanja ya St Catherine's pachilumba cha Isle of Wight n'kupha oyang'anira atatu amene anali pantchito. Anawaika m'manda a m'mudzi wa Niton, pafupi ndi nsanjayo.