Kuwala kosaoneka kumene kumaulula litsiro pa ndege

Wokonza njinga aliyense mu Lichinga amadziwa kuti chigamba sichigwira pa chubu chamafuta. Amayamba wapala pamene pabooka, n'kupukuta bwino, kenako n'kupaka guluu. Akachita mwaulesi, mwini njinga safika nayo patali.

Opanga ndi okonza ndege amalimbana ndi vuto lomweli, kungoti kwa iwo chomata chikamatuka, miyoyo ya anthu imakhala pachiswe. Ndege zamakono sizidaliranso zitsulo zokha. Pafupifupi theka la kulemera kwa Boeing 787 ndi zipangizo zosakaniza, makamaka ulusi wa kaboni woumbidwa ndi utomoni, ndipo zidutswa zina amachita kuzimata ndi guluu. Mafuta a makina, chinyezi, thukuta la chala, kapena silikoni amene amapaka m'chikombole kuti chidutswa chisakakamire, zonsezi zimafooketsa guluu ngakhale pamalopo pakuoneka poyera.

Njira yakale ndi yothira madzi. Akayenderera bwino ndiye kuti ndi poyera, akasanduka timadontho ndiye kuti pali mafuta. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma sinena kuti litsirolo ndi la mtundu wanji.

Apa ndi pamene pamathandiza kuwala kwa infrared. William Herschel ndiye anakutulukira mu 1800, ataika choyezera kutentha kuseri kwa mtundu wofiira wa kuwala kwa dzuwa, pamene diso silinkaona kanthu, n'kupeza kuti pakutentha. Tizigawo ting'onoting'ono ta chinthu chilichonse timanjenjemera mwa njira yakeyake, ndipo timameza mbali yokhayo ya kuwalaku imene ikugwirizana ndi kunjenjemerako. Mafuta amameza kwambiri mafunde otalika mamaikiromita 3.4, pomwe silikoni amadziwika pafupi ndi mamaikiromita 8. Makina otchedwa FTIR, amene masiku ano alipo onyamula m'manja, amawalitsa pa phiko la ndege, n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera. Pomwe paperewera pamaoneka pa chithunzi cha mzere wokwera ndi kutsika, ngati chidindo cha chala cha litsirolo. Phikolo silidulidwa kapena kukandika.

Komabe makinawa si mfiti. Ulusi wa kaboni ndi wakuda ndipo umameza kuwala kwambiri, choncho kobwerera kumakhala kochepa, ndipo silikoni wopyapyala kwambiri akhoza kuzemba. N'chifukwa chake akatswiri amayamba ayeza pa chidutswa choyera ndi pa china chimene achidetsa dala, kuti adziwe malire a zimene makinawo angaone.