Tayala ndi limu: ukwati wosafuna kukakamiza

Kalekale katundu wochokera ku Blantyre kupita kunyanja ankafika pa Matope ali pamitu ya amtengatenga. Mathithi a mtsinje wa Shire sankalola sitima kudutsa, choncho doko linali pamenepa. Ngakhale sitima ya amishoni a Anglican yotchedwa Charles Janson idafika pamalowa ili zidutswazidutswa, ndipo adailumikizira pomwepo mu 1885.

Lero sitima kulibe, amtengatenga kulibenso. Chimanga, mbuzi, ana asukulu ngakhale mayi wodwala yemwe akuthamangira naye kuchipatala cha Lisungwi, onse moyo wawo uli pa matayala anayi.

Vuto ndi loti misewu yambiri ya m'boma la Neno siichitira chifundo tayala. M'chilimwe ndi miyala, fumbi ndi kutentha kwa m'chigwa cha Shire. Mvula ikagwa, dzina loti Matope limanena zoona. Phula lodalirika munthu amalipeza akafika pamsewu wa M1, womwe umawoloka Shire pa Zalewa.

M'madera otere, banja lomwe lasonkha ndalama n'kugula kagalimoto kochitira matola limadziwa kuti mafuta akachoka, chotsatira kudya ndalama ndi matayala. Koma ambiri akamagula tayala amangofunsa funso limodzi: kodi ndi saizi 14 kapena 15? Likalowa mu limu n'kupopeka, basi ulendo wapsa.

Apa ndi pomwe pagona msampha. Nambala ya 14 kapena 15 imangonena kukula kwa bowo la pakati pa tayala. Pali muyeso wina womwe ambiri sauganizira: kutambasuka kwa limu, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake.

Pambali pa tayala lililonse pamakhala manambala, mwachitsanzo 195/65 R15. Nambala ya 195 ikutanthauza kuti tayalalo ndi lotambasuka mamilimita 195. Nambala ya 65 ikunena kuti msinkhu wa khoma la tayala ndi magawo 65 pa 100 a kutambasukako, pomwe 15 ndi kukula kwa limu m'mainchi.

Nayo limu ili ndi manambala ake, kungoti amabisala kuseri kapena mkati, komwe kumakhala matope. Munthu akapukuta amapeza zolemba monga 15x6J. Nambala ya 6 ikutanthauza kuti limuyo ndi yotambasuka mainchi 6, omwe ndi mamilimita pafupifupi 152, ndipo J ndi mtundu wa mlomo womwe tayala limagwirapo.

Manambala akafufutika, limu imayezedwa mkati, pakati pa milomo iwiri pomwe tayala limakhala. Woyeza kunja amapeza pafupifupi inchi yathunthu yoonjezera, n'kudzinamiza yekha.

Opanga matayala padziko lonse amatsatira miyeso yomwe adakhazikitsa mabungwe monga ETRTO ku Ulaya ndi JATMA ku Japan, dziko lomwe kumachokera galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya m'Malawi. Malinga ndi miyesoyi, tayala lililonse lili ndi malire a limu yomwe lingavale.

Tayala la 195/65 R15 limaloledwa pa limu ya mainchi 5.5 mpaka 7, koma limakhala bwino kwambiri pa mainchi 6. La 205/55 R16 limaloledwa pa mainchi 5.5 mpaka 7.5. Kupyola malirewa, tayala limatha kulowa ndithu, koma limakhala ngati phazi la bambo mu nsapato ya mwana, kapena la mwana mu nsapato ya bambo.

Tayala lalikulu likakakamizidwa pa limu yopapatiza, milomo yake imapanikizika ndipo pakati pamatukumuka. Mbali yokhudza msewu imachepa, tayala n'kuyamba kutha pakati pokha m'mbali muli mapanga. Pokhota, makoma ake amapindika mopitirira muyeso, galimoto n'kumayenda ngati bwato. Kupindikapindika kumeneku kumabweretsa kutentha, ndipo kutentha ndi mdani wamkulu wa tayala, makamaka galimoto ikadzaza matumba masana a mu Okutobala.

Nalo tayala laling'ono likakokedwa pa limu yotambasuka, makoma ake amaima mopendama ndipo mlomo wa limu umakhala pamtunda. Galimoto ikagwa m'dzenje kapena kugunda mwala, nkhonya yonse imafikira pa limu. Limu yachitsulo imapindika, pomwe zonyezimira zija, zomwe ambiri amati mamagi, zimatha kung'aluka.

Choopsa kwambiri n'choti tayala lopanda chubu limasunga mpweya chifukwa chogwirana zolimba ndi mlomo wa limu. Likakokedwa mopyola muyeso, limatha kuvuka pamlomopo mpweya n'kutha kamodzin'kamodzi. Izi zikachitikira tayala lakutsogolo pa liwiro la pa M1, dalaivala amangoona galimoto ikusiya msewu chiwongolero chili m'manja.

Achinyamata ambiri omwe amayendetsa galimoto za matola amakopeka ndi malimu aakulu onyezimira ndi matayala a khoma lalifupi, monga amaonera m'tauni kapena pa foni. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Khoma la tayala ndilo limayamba kumeza mabampu asanafike ku mashoko. Likafupika, pamsewu wa miyala mwini galimoto amalipira kawiri: kwa wokonza matayala komanso kwa makaniko.

Pali manambala enanso awiri omwe wogula limu ya kaunjika ayenera kuwayang'ana. Oyamba ndi a mabowo a mabawuti. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimavala 4x100, kutanthauza mabowo anayi pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, pomwe pikapu ya Hilux yoyendera m'tchire imavala 6x139.7. Limu yomwe mabowo ake akusiyana pang'ono imatha kulowa mokakamiza, koma mabawuti amakhala akulira mpaka tsiku lothyoka.

Achiwiri ndi olembedwa ET, monga ET45. Amenewa amanena ngati limu idzakhale mkati kapena kutulukira kunja kwa galimoto. Ikalowa mkati kwambiri, tayala limakhula zitsulo za shoko. Ikatuluka kwambiri, limakhula madigadi galimoto ikalemedwa, komanso maberingi amatha msanga.

Nanga banja lichite chiyani lisanatulutse ndalama?

Choyamba ndi kutsegula chitseko cha dalaivala. Pa galimoto zambiri, pamphuthu pa chitsekocho pamakhala kachipepala komwe fakitale idalembapo saizi ya matayala ndi mpweya woyenera. Ngakhale zolembazo zikhale za Chijapani, manambala amawerengeka.

Chachiwiri ndi kupempha wokonza matayala kuti aonetse nambala ya limu tayala lisanalowe. Izi sizitenga ngakhale mphindi zisanu, ndipo safunsa adadya phula.

Chachitatu, matayala awiri a kutsogolo azikhala ofanana saizi, chimodzimodzi a kumbuyo, ndi malimu omwe. Kusakaniza kumapangitsa galimoto kukokera mbali imodzi pomanga mabuleki. Sipeya nayo iziyesedwa pakhomo, osati usiku pakati pa tchire.

Wogula tayala la kaunjika ayang'anenso zaka zake. Kuyambira mu 2000, kumapeto kwa zolemba zoyamba ndi DOT kumakhala manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kuchita ming'alu ngakhale mapanga akuoneka atsopano. Nambala ina, monga 91, imanena kulemera komwe tayala lingasenze. 91 ndi makilogalamu 615 pa tayala limodzi.

Ndipo ngati tayala likungotha mpweya pamlomo, kuikamo chubu n'kungobisa matenda. Kawirikawiri vuto limakhala limu yopindika, ya dzimbiri kapena yosagwirizana ndi tayalalo.

Kwa banja la pa Matope, tayala limodzi latsopano ndi ndalama yomwe ikadagula feteleza kapena kulipira fizi. Kulitaya m'miyezi itatu chifukwa cha limu yolakwika n'kowawa kale. Koma m'galimoto ya matola mumakhala ana a eni, ndipo tayala likavuka pa liwiro silifunsa kuti wakwera ndani.

Amisiri omwe adalumikiza sitima pa Matope mu 1885 ankaonetsetsa kuti chitsulo chilichonse chakhala pamalo pake asanaiike pamadzi. Woyendetsa galimoto wa lero ntchito yake ndi yochepa kuposa pamenepo: kugwada pansi, kupukuta matope pa limu, n'kuwerenga nambala.